Mafunso a Owerenga: Mtsempha Ukaduka, Kodi Umaphukanso?

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza mitsempha yonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo za thupi, imene ikavulala munthu amachita dzanzi kapena kufa chiwalo. Tasankhapo asanu ochokera m'madera osiyanasiyana a chigawo chathu cha Tete, ndipo tawafupikitsa pang'ono. Mayankhowa sakulowa m'malo mwa dokotala amene angamuone wodwala ndi maso n'kumugwira ndi manja.

Funso: Akonzi, mwana wanga wamwamuna wa zaka 19 anachekedwa ndi lata pamkono, pafupi ndi chikhatho, pamene ankafolera nyumba ya amalume ake. Anamusoka ndipo bala linapola bwino, koma papita miyezi inayi tsopano chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati sizikumva kanthu, moti sabata yatha anapsa ndi mphika osazindikira. Akuluakulu akumudzi akuti tidikire, magazi adzayenda okha. Kodi tidikire mpaka liti? Ndine bambo wa ku Domwe, Angonia.

Yankho: Bambo, musadikirenso. Zala zitatu zimene mwatchulazo, pamodzi ndi theka la chala chachinayi, zimamva kudzera mu mtsempha umodzi umene madokotala amautcha median, ndipo umadutsa pafupi kwambiri ndi khungu pamalo pomwe lata linachekapo. Zikuoneka kuti khungu linasokedwa koma mtsemphawo unatsala woduka mkati, zimene zimachitika kawirikawiri chifukwa pa tsiku la ngozi aliyense amakhala akulimbana ndi magazi. Muuzeni mnyamatayo ayese kugunditsa nsonga ya chala chachikulu ndi nsonga ya kachala kakumapeto. Ngati zikumukanika, ndipo ngati mnofu wa patsinde pa chala chachikulucho wayamba kuphwa mukauyerekeza ndi wa dzanja linalo, ndiye kuti nthawi yayamba kale kukutherani.

Mtsempha woterewu ndi mtolo wa timaulusi masauzande ambiri, ndipo kaulusi kalikonse kamachokera ku selo limene lili kutali, mumsana kapena pambali pa msana. Ukaduka, mbali ya kumunsi yolowera ku zala imafa n'kuphwanyika m'masiku ochepa, monga anaonera Augustus Waller wa ku England mu 1850 pofufuza mitsempha ya achule. Chimene chimatsala ndi timipata topanda kanthu, mmene maselo otchedwa Schwann amasesa zophwanyikazo n'kundanda m'mizere kudikira ulusi watsopano. Mbali ya kumtunda ndiyo imaphuka, ndipo imachita monga imachitira mphukira ya dzungu, kuyanga pang'onopang'ono kuchokera kutsinde, ndipo ikasowa koyanga imangopotana pamalo amodzi. Kupotana kumeneko ndiko kamfundo kolimba kamene ena amakapeza pansi pa chipsera, kamene kakagundidwa munthu amamva ngati wagwidwa ndi magetsi.

Ulusiwu umayenda pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndiye kuti masentimita atatu pa mwezi. Kuchokera pamene mwana wanu anachekedwa kufika kunsonga za zala pali masentimita pafupifupi 18 kapena 20, choncho ngakhale mtsemphawo utasokedwa mawa, kumva kungafike kunsongako patapita miyezi 6 kapena kuposa. Khungu limatha kudikira nthawi yaitali, koma mnofu ulibe chipiriro chotero: ukasiya kulandira mauthenga umadikira miyezi 12 mpaka 18, kenako umasanduka mafuta ndi chipsera, moti ulusi wofika mochedwa umapeza palibenso choti uyendetse. Nkhani yonse yokonza mitsempha yagona pamenepa, ndipo pafupifupi njira zonse zatsopano zimene ofufuza akuyesa zikufuna kufupikitsa ulendo wa ulusi kapena kutalikitsa kudikira kwa mnofu.

Akuluakulu akumudziwo sananame kotheratu. Herbert Seddon, amene ankachiza asilikali ku Oxford pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anagawa kuvulala kwa mitsempha patatu mu 1943. Pali mtsempha wongopsinjidwa, monga wa munthu amene wagonera mkono ataledzera, umene umadzuka wokha m'milungu yochepa. Pali wophwanyika ulusi koma chikuta chake chili chilumikizire, umene umaphuka wokha m'miyezi. Ndipo pali woduka pawiri, umene sungachire popanda kusokedwa. Akuluakuluwo anaonapo anthu a magulu awiri oyambawo akuchira ali kunyumba, koma lata silipsinja, limadula.

Dokotala amasoka mtsempha ndi ulusi wowonda kuposa tsitsi, akuyang'ana m'magalasi okulitsa. Popeza papita miyezi inayi, nsonga ziwirizo zabwerera m'mbuyo ndipo zachita chipsera chimene chiyenera kudulidwa mpaka kufika pa mtsempha wamoyo, ndipo akatero pamatsala mpata. Hanno Millesi, dokotala wa ku Vienna, anasonyeza m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 kuti kukoka nsongazo mokakamiza kuti zikumane kumawononga ntchito yonse, ndipo kuti kuli bwino kuikapo chidutswa cholumikiza. Chidutswacho amachitenga m'thupi la wodwala yemweyo, kawirikawiri kumbuyo kwa mwendo kumunsi kwa bondo, kumene kuli mtsempha wotha kupereka masentimita oposa 30, ndipo malipiro ake ndi dzanzi la m'mphepete mwa phazi.

Ofufuza akhala akufunafuna njira yoti asamabwereke mtsempha kwina. Pali timapaipi topangidwa ndi collagen (puloteni yopezeka m'khungu) kapena zinthu zina zosungunuka zokha m'thupi, timene nsonga ziwirizo zimalowetsedwamo kuti ulusi uwolokere mkati. Timapaipiti tinayamba kuloledwa ku America cha m'ma 2000, koma timagwira bwino pa mipata yosapyola masentimita 3 ndi pa mitsempha ing'onoing'ono ya m'zala. Palinso mitsempha yotengedwa kwa anthu amene anamwalira, yotsukidwa mpaka maselo onse a mwiniwake atachoka n'kutsala timipata tokhatokha. Zimene zikadali m'nyumba zofufuzira ndi zoika maselo amoyo kapena mapuloteni okopa ulusi mkati mwa timapaipito. Puloteni yoyamba yotere anaitulukira Rita Levi-Montalcini m'ma 1950, n'kulandira nayo mphoto ya Nobel mu 1986, koma kuisandutsa chithandizo cha bala ngati la mwana wanu sikunathekebe, chifukwa imatha msanga m'thupi ndiponso imadzutsa ululu.

Njira imene ine ndimaiona kuti ingadzatifikire msanga kuno, chifukwa siifuna zinthu zodula kwambiri, ndi ya magetsi. Tessa Gordon ndi anzake ku Canada anapeza mu 2000, poyesa pa makoswe, kuti kupatsa mtsempha wosokedwa kumene magetsi ofooka, ogunda ka 20 pa sekondi kwa ola limodzi lokha, kumachititsa kuti ulusi wambiri uwoloke msanga pamsoko m'malo mozengereza milungu, ndipo mu 2010 anaona phindu lofanana pa odwala ochepa ku Edmonton. Magetsiwa amaikidwa pa mtsempha weniweniwo wodwala atangochitidwa opaleshoni, ndipo sakukhudzana m'pang'ono pomwe ndi timakina tonjenjemeretsa thupi timene timagulitsidwa m'misika. George Bittner wa ku Texas akuyesa china chodabwitsa, chomata ulusi wodukawo ndi mankhwala otchedwa polyethylene glycol mbali ya kumunsi isanafe, kuti pasakhalenso kudikira kuphuka; pa makoswe zatheka ndipo pa anthu zikuyesedwa, koma ziyenera kuchitika m'masiku oyambirira enieni a ngozi, choncho mwana wanu zamupitirira.

Bwererani kuchipatala cha boma lanu, mukalongosole zala zimene zili dzanzi, mupemphe guia (kalata yotumizira wodwala) yopitira kuchipatala chachikulu cha chigawo mumzinda wa Tete kuti akamuone madokotala a opaleshoni. Pamene mukudikira, azipinda ndi kuwongola zala zonse tsiku lililonse mothandizidwa ndi dzanja linalo kuti mfundo zisaume, asamagwire miphika ndi makala, ndipo madzulo aliwonse aziyang'ana zalazo ngati zili ndi bala, popeza ululu sungamuuzenso. Akadzasokedwa, dokotala adzamagogoda ndi chala motsatira njira ya mtsempha, ndipo pamene mnyamatayo adzamve kunyerenyetsa ndi pamene ulusi wafika. Njira imeneyi anaifotokoza Jules Tinel wa ku France mu 1915, ndipo malowo akamasendera kunsi mwezi ndi mwezi ndiye kuti zinthu zikuyenda.

Funso: Mchimwene wanga amanyamula anthu pa njinga yamoto. Miyezi iwiri yapitayo anagundana ndi lole pa msewu wa N7 wopita ku Zobue, n'kugwera paphewa. Anamujambula X-ray ndipo akuti palibe fupa lothyoka, koma mkono wakumanja ukungolendewera. Zala zikugwira, koma sangakweze phewa kapena kupinda chigongono, ndipo usiku akuti mkonowo ukuyaka moto. Kodi pali chimene chingachitike? Ndine mlongo wake, ku Moatize.

Yankho: Achemwali, X-ray imaonetsa mafupa, choncho sikanaliona vutoli. Mitsempha ya mkono imachokera ku mizu isanu imene imatuluka mumsana cha m'khosi, n'kulukana kuseri kwa fupa la pakati pa khosi ndi phewa isanatsikire m'khwapa. Munthu akagwa mutu n'kupita kwina phewa kwina, mizu ya pamwamba imakokeka mpaka kuduka, mwinanso kuzuka kumene mumsana. Zoti zala zikugwira koma phewa ndi chigongono zafa zikusonyeza kuti mizu ya pansi inapulumuka, ndipo mwa ngozi zamtundu umenewu, imeneyi ndi imene madokotala angachitepo zambiri.

Mwachizolowezi amadikira miyezi itatu kuti aone ngati mphamvu ikubwerera yokha, ndipo ikapanda kubwerera opaleshoni imafunika pasanathe miyezi pafupifupi 6. Muzu wozuka mumsana ndi wovuta kuubwezeretsa, ndiye chimene chinasintha zinthu ndi nzeru yobwereka pafupi. Mu 1994 Christophe Oberlin wa ku Paris anafotokoza za odwala anayi amene anawatengera kagawo kakang'ono ka mtsempha wamoyo wopita ku dzanja, n'kukalumikiza ku kamtsempha kakufa ka mnofu wopinda chigongono, pamalo amene mitsempha iwiriyi imayandikana mkati mwa mkono. M'malo moti ulusi uyambire ulendo wake m'khosi, umangoyenda masentimita ochepa, ndipo m'miyezi yowerengeka mnofu umayamba kugwedera. Poyamba wodwala amayenera kufumbata dzanja kuti chigongono chipindike, mpaka ubongo utazolowera njira yatsopanoyo. Njirayi inayamba ngati yongoyesera, koma lero ndi chithandizo chokhazikika m'maiko ambiri. Pamene mizu yonse isanu yazuka amabwereka ku mitsempha ya m'nthiti, moti m'miyezi yoyamba mkono umagwedera munthu akatsokomola, ndipo ku Shanghai Gu Yudong anayamba mu 1986 kubwereka muzu wa mbali yabwinoyo n'kuuwolotsa khosi, ngakhale kuti madokotala sagwirizana onse pa phindu la njira yotsirizayi.

Madokotala odziwa opaleshoni yotereyi ndi ochepa m'chigawo chonse chino cha Africa, choncho yambani lero kufunsa kuchipatala cha chigawo kumene angamutumize, kaya ndi ku Beira kaya ku Maputo, osadikira kuti miyezi itatu ikwane. Mkonowo azimangirira ndi nsalu pachifuwa akamayenda kuti kulemera kwake kusagulule phewa, ndipo wina azimukwezera phewa ndi kumupindira chigongono kangapo pa tsiku monga angakuonetsereni a mafizo. Moto wa usikuwo umachokera mu mtsempha wovulalawo, ndipo mankhwala wamba a mutu sauzimitsa. Pali ena monga amitriptyline amene dokotala angamulembere. Mphini ndi kuthowa ndi madzi otentha pakhungu losamva zimangosiya zilonda.

Funso: Amuna anga anagwa pamwamba pa lole ya katundu zaka ziwiri zapitazo ndipo anathyoka msana, moti kuyambira m'chiuno kutsika kumunsi sakumva kanthu. M'bale wathu watitumizira vidiyo pa WhatsApp ya chipatala china cha kunja chimene chikuti chimabaya stem cells (maselo otha kusanduka mitundu ina ya maselo) mumsana ndipo anthu amayendanso. Ndalama zimene akufuna zikufanana ndi ng'ombe zonse za kubanja kwawo, ndipo apongozi anga avomera kuzigulitsa. Kodi tipite? Ndine mayi wa ku Matundo, mumzinda wa Tete.

Yankho: Mayi, ndikupemphani kuti ng'ombezo zisagulitsidwe. Mpaka lero palibe jakisoni wa maselo amene watsimikizidwa kuti amayendetsanso munthu amene mtsempha wake waukulu wa mumsana unaphwanyika, ndipo ndikufotokozerani pamene ofufuza enieni afika kuti mukathe kuwayankha apongozi anu.

Mtsempha wa mumsana ndi wamtundu umodzi ndi ubongo, ndipo suphuka monga ya m'mikono ndi m'miyendo. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti ulusi wake ulibiretu mphamvu yophuka, mpaka mu 1981 pamene Albert Aguayo ndi Samuel David ku Montreal analumikiza kachidutswa ka mtsempha wa m'mwendo kumsana wa khoswe, n'kuona ulusi wa mumsanawo ukuyenda mtunda wautali mkati mwa kachidutswako, koma n'kuima utangolowanso mumsana kumbali inayo. Pamenepo zinadziwika kuti cholepheretsa chachikulu ndi malo amene ulusiwo uli: muli mapuloteni oletsa kuphuka, pabala pamachita chipsera cholimba, ndipo nthawi zambiri pamatsala mphako ya madzi. Martin Schwab wa ku Zurich anapeza imodzi mwa mapuloteni oletsawo, yotchedwa Nogo, ndipo patapita zaka zoposa 30 mankhwala oitchinga anayesedwa pa odwala oposa 100 ku Ulaya. Zotsatira zake, zimene zinatuluka kumapeto kwa 2024, zinaonetsa kuti pa gulu lonse panalibe kusiyana koonekeratu, ngakhale kuti ena amene mtsempha wawo sunadukiretu anaoneka kuti apindulako.

Pa nkhani ya maselo, mbiri imene inamveka dziko lonse ndi ya Darek Fidyka wa ku Poland, amene anabayidwa ndi mpeni kumsana mu 2010. Mu 2012 madokotala a ku Wrocław, mogwirizana ndi Geoffrey Raisman wa ku London, anamuika pabalapo maselo ochokera ku mbali ya ubongo wake yomvera fungo, pamodzi ndi tizidutswa ta mtsempha wa kumwendo, ndipo mu 2014 ankatha kuyenda pang'onopang'ono atagwira chitsulo choyendera. Koma ameneyu anali munthu mmodzi, bala lake linali la mpeni losiya mpata wa mamilimita 8 okha, ndipo anachita mafizo maola ambiri pa tsiku kwa zaka. Ku Keio University ku Tokyo, gulu la Hideyuki Okano linaika maselo okonzedwa m'nyumba zofufuzira mwa odwala anayi, onse pasanathe mwezi chivulalireni, ndipo mu Marichi 2025 linalengeza kuti awiri anapezako bwino, mmodzi mpaka kutha kuimirira, pamene awiri enawo sanasinthe kwenikweni. Amenewa ndi akatswiri otsogola padziko lonse, koma odwala awo ndi anayi okha, ndipo palibe amene anali atakhala zaka ziwiri monga amuna anu.

Anthu amene anayendadi pa kafukufuku wa ku Lausanne, ku Switzerland, wa Grégoire Courtine ndi Jocelyne Bloch, sanabayidwe maselo ayi. Anaikidwa kachipangizo kopereka magetsi pamwamba pa mtsempha wa mumsana, kumunsi kwa pamene panavulala, kamene kamadzutsa minofu ya miyendo motsatizana. Mu 2018 amuna atatu anaponda mapazi mwa njira imeneyi, ndipo mu 2023 Gert-Jan Oskam wa ku Netherlands, amene anachita ngozi ya njinga mu 2011, anaikidwanso zipangizo m'chigaza zimene zimazindikira akafuna kusuntha mwendo n'kutumiza uthengawo ku kachipangizo ka mumsana popanda waya. Ndi ntchito yogometsa, koma imalambalala bala osalipoletsa, ndipo amene aikidwa zipangizozi ndi anthu owerengeka.

Zoopsa zake nazo si zongopeka. Mtsikana wina wa ku America anaikidwa mumsana tinyama ta m'mphuno mwake ku Portugal. Sanayende, ndipo patapita zaka 8 anamuchotsa chotupa chowawa chimene chinkatulutsa mamina mkati mwa msana, monga anafotokozera madokotala mu 2014. Bambo wina wa dziko lomwelo analipira ndalama zankhaninkhani pobayitsa maselo ku Mexico, China ndi Argentina, ndipo mu 2016 madokotala a ku Boston analengeza kuti anamupeza ndi chotupa mumsana chopangidwa ndi maselo amene sanali ake. Kafukufuku weniweni salipiritsa wodwala, salonjeza kuchira, amalemba zoopsa zonse papepala loti musaine, ndipo amakhala wovomerezedwa ndi bungwe loona za ufulu wa odwala, monga Comité Nacional de Bioética para a Saúde ya kuno kwathu. Malo amene akuti jakisoni mmodzi yemweyo amachiza msana, shuga, sitiroko ndi ukalamba akuchita malonda.

Chimene chinasintha kwambiri moyo wa anthu othyoka msana sichinali kuphukitsa mtsempha. Ludwig Guttmann asanatsegule chipinda chake ku Stoke Mandeville, ku England, mu 1944, odwala otere ambiri ankamwalira msanga ndi zilonda zobwera chifukwa chogona malo amodzi komanso matenda a m'chikhodzodzo ndi impso, ndipo iye anawapulumutsa powatembenuza maola awiri aliwonse usana ndi usiku, kuwatulutsa mkodzo mwaukhondo ndi kuwalimbitsa mikono. Adani a munthu wothyoka msana ndi omwewo mpaka lero, makamaka m'kutentha kwa mumzinda wa Tete kumene thukuta limafewetsa khungu. Ngati banja lili lokonzeka kugulitsa ng'ombe imodzi, ndalama yake igule matiresi abwino, khushoni yoyenera ndi njinga ya olumala yomukwana, ikonze khomo ndi chimbudzi kuti azilowa yekha, ndipo yotsalayo ikhale mpamba wa ntchito imene angagwire ndi manja. Inu muziyang'ana khungu la m'matako, m'chiuno ndi ku zidendene tsiku lililonse, ndipo malo amene asintha mtundu asagonerepo mpaka atabwerera mwakale.

Funso: Ndikuphunzira kusekondale ku Tsangano. Buluzi akaduka mchira umameranso. N'chifukwa chiyani madokotala satengerapo nzeru?

Yankho: Mwanawe, akutengerapo ndithu, ngakhale kuti buluzi si mphunzitsi wabwino kwenikweni, chifukwa mchira wake wachiwiri umakhala ndi chichereechere m'malo mwa mafupa, ndipo mtsempha wa mkati mwake sukhala wathunthu ngati woyamba uja. Zimene ofufuza amaziweta kwambiri ndi kansomba kamizeremizere kotchedwa zebrafish, kamene kakadulidwa mtsempha wa mumsana kamasambiranso pakatha milungu 6 mpaka 8, ndi kanyama ka m'madzi ka ku Mexico kotchedwa axolotl.

Kwa nthawi yaitali anthu ankakhulupirira kuti nyama zoyamwitsa zikakula sizingachite zimenezi, koma mbewa ina ya mu Africa muno, ya ubweya wolimba wonga minga kumsana, yotchedwa Acomys, inatsutsa ganizolo. Mu 2012 Ashley Seifert ndi anzake anafotokoza kuti mbewa zotere za ku Kenya zikasupuka khungu limameranso ndi ubweya womwe popanda chipsera, ndipo mu 2022 gulu la Mónica Sousa ku Porto, ku Portugal, linasonyeza kuti mtundu wina wa mbewazi ukadulidwa mtsempha wa mumsana kotheratu umayendanso n'kuyambanso kulamulira chikhodzodzo. Chimene anapeza n'chakuti pabala pake sipachita chipsera chotsekereza monga pa mbewa zina, koma pamapangika zinthu zimene ulusi umatha kudutsamo. Abale a mbewa imeneyi alipo kuno kwathu m'malo amiyala, ndipo mtundu wa kuno anaulemba koyamba m'mabuku a sayansi ndi Wilhelm Peters wa ku Germany mu 1852, kuchokera ku zimene anatola m'dera la Tete. Kudya mbewayi sikuchiza msana. Chimene ofufuza akufuna ndi kudziwa majini (malangizo a m'maselo otengera kwa makolo) amene imayatsa pabala, kuti aone ngati angayatsidwenso mwa munthu.

Funso: Mapazi anga onse awiri amatentha usiku ndipo zala zake zachita dzanzi, ngakhale sindinavulale. Wogulitsa mankhwala wina akuti jakisoni wa mavitamini B amameretsa mitsempha. Kodi n'zoona? Ndine mphunzitsi wa ku Furancungo.

Yankho: Aphunzitsi, mavitamini amathandiza munthu amene akuwasowa, ndipo amene sakuwasowa sapindula nawo kanthu, komanso vitamini B6 ikachuluka mopyola muyeso imawononga kumene mitsempha. Vuto lanu si la kuduka pamalo amodzi, koma la chinthu chimene chikudya ulusi pang'onopang'ono kuyambira kunsonga za mitsempha yaitali kwambiri, n'chifukwa chake layambira kumapazi onse awiri. Chimene chimayambitsa kawirikawiri ndi matenda a shuga, ndipo zina ndi mowa makamaka kachasu, kachilombo ka HIV, kuchepa kwa vitamini B12, ndiponso mankhwala a TB otchedwa isoniazid, amene pa chifukwa chomwechi amaperekedwa pamodzi ndi B6 ya muyeso wake. Choyambitsacho chikathetsedwa msanga mitsempha imatha kuchirako, koma chikalekereredwa zaka dzanzilo limakhazikika, ndipo mankhwala ambiri amene anayesedwa kuti aphukitsenso mitsempha ya odwala shuga anagwira pa makoswe n'kulephera pa anthu.

Muyang'anenso thupi lonse ngati pali chigamba chotuwa kapena chofiirira chimene sichimva mukachikhudza ndi thonje, chifukwa khate likadalipo m'dziko muno ndipo limadya mitsempha mwakachetechete. Mankhwala ake ndi aulere, amamwedwa miyezi 6 kapena 12 malinga ndi mtundu wake, ndipo ngati mtsempha wafooka pasanathe miyezi 6 amawonjezerapo prednisolone, imene nthawi zambiri imabweza kumva ndi mphamvu. Pitani kuchipatala m'mawa musanadye kuti akakuyezeni shuga, mupemphenso kuyezedwa HIV ndi kuchuluka kwa magazi, ndipo mutenge mankhwala onse amene mukumwa, a kuchipatala ndi achikuda omwe, kuti akawaone.